Timapaketi ta mazira a nthata za m'madzi: gulani kamodzi, koma funsani mtundu

Timapaketi timene tikutsatsidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a alimi a nsomba, tokhala ndi kaufa kakuda m'kati, ogulitsa amati ndi mbewu ya chakudya cha tiana ta nsomba. Sakunama, kungoti si ufa ayi. Ndi timatumba ta mazira a nthata za m'madzi, tizilombo tija timalumphalumpha m'zithaphwi, totchedwa Daphnia ndi Moina. Dzina lokha ndi la nthata, koma ubale wake uli kwa nkhanu.

Kathumba kamodzi akatswiri amakatcha ephippium, dzina lochokera ku Chigiriki lonena za chishalo cha hatchi. Mukakaika pa pepala loyera n'kukayang'ana ndi galasi lokulitsa, kamaonekadi ngati kachishalo: kopindika, kakuda kapena kofiirira, ndipo ka Daphnia kamakhala ndi mazira awiri m'kati. Madzi akakhala abwino, zazikazi zimaswana zokha popanda yaimuna. Zikathithikana, chakudya n'kuchepa kapena dziwe n'kuyamba kuphwa, m'pamene zazimuna zimabadwa, ndipo yaikazi imalimbitsa mbali ya chigoba chake cha kumsana n'kukutira mazira. Pofundula, kathumbako kamagwa. Kamapirira kuuma, kuzizira, ngakhale kudutsa m'mimba mwa mbalame. N'chifukwa chake katha kuyenda masiku ambiri m'envulopu mazira osafa, pomwe tizilombo tamoyo ta m'botolo timafera m'njira.

Vuto lalikulu la timapaketiti ndi loti tambiri sitilembedwa mtundu, ndipo kuno m'chigawo cha Tete, ku Mozambique, mtundu ndiwo umaweruza zonse. Daphnia imakonda madzi a madigiri 18 mpaka 22. Ku Ulongué ndi ku Tsangano, kumapiri, imachita bwino. Mumzinda wa Tete kapena ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, mudzangotaya ndalama: yoyenera kumeneko ndi Moina, imene imaswana bwino pa madigiri 24 mpaka 31. Moina ndi yaing'ononso, siifika patali kupyola milimita imodzi, choncho imalowa m'kamwa mwa tiana ta mlamba tongoyamba kudya. Daphnia magna imafika mamilimita 5, yoyenera tiana tokulirapo. Wogulitsa akalephera kukuuzani mtundu, musagule.

Kuswetsa kwake sikovuta. Tengani beseni loyera, madzi a mvula kapena a pachitsime akuya masentimita 5 mpaka 10. A pampopi agone kaye masiku awiri kuti klorini ituluke. Timatumbati timayandama ngati mankhusu n'kumamatira m'mphepete mwa beseni, ndipo tikauma pamenepo sitiswa, ndiye timizeni ndi chala kapena tithireni madontho a madzi pamwamba m'mawa ndi madzulo. Ikani powala koma posaomba dzuwa lamasana. Kuwala ndiko kumadzutsa mazira. Pakatha masiku 3 mpaka 5 muyamba kuona timadontho toyera tikudumpha. Musayembekezere kuti onse aswa: ena amachedwa milungu, ena ndi makoko opanda kanthu, ndipo ogulitsa izi sanena. Mazira ongokololedwa kumene amavuta kuswa, ndipo kuwasunga mufiriji, mumdima, kwa milungu ingapo kumathandiza.

Pamene anthu ambiri amaphera ndi pa kudyetsa. Mukasamutsira tizilomboti mu dramu lodula pakati, madzi asapitirire masentimita 40 kapena 50 kuya. Chakudya chabwino koposa ndi madzi obiriwira a ndere zosaoneka ndi maso. Popanda amenewo, sungunulani yisiti wophikira mandasi, magalamu 2 mpaka 3 pa malita 100, ndipo musaonjezere mpaka madzi atayeranso. Yisiti akachuluka amaola, mpweya umatha, m'mawa mupeza zonse zili pansi ndi fungo. Ndowe youma ya ng'ombe, magalamu ngati 40 pa malita 100 yomangidwa m'kansalu, imagwiranso ntchito. Tizilombo tikafiira kwambiri, nthawi zambiri ndiye kuti mpweya wachepa. Ngati muli ndi kapampu ka mpweya, thovu likhale lalikululikulu, chifukwa timathovu tating'ono timalowa pansi pa chigoba n'kutiyandamitsa mpaka kufa. Phimbani ndi neti yakale yosanyikidwa m'mankhwala, kuti atombolombo asaikiremo mazira. Yonyikidwa ija ndi poizoni kwa tizilomboti.

Zikachuluka, kololani ndi sefa ya nsalu gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu pa tsiku. Khalani ndi madramu awiri, tizilombo ta m'limodzi tikafa lina likhalepo.

Kodi n'koyenera kugula? Inde, kamodzi, makamaka kwa oswetsa mlamba. Makumba amene ali m'dziwe lothiridwa manyowa bwino amapeza kale tizilombo totere, ndiye kwa iwo phindu ndi lochepa. Kugulanso kachiwiri n'kosafunika. Siyani dramu limodzi lithithikane, lekani kudyetsa, ndipo mukaona zazikazi zanyamula kachishalo kakuda kumsana, dikirani sabata imodzi kapena awiri, khuthulani madzi, umitsani matope a pansiwo, momwe muli timatumba ta mazira, pamthunzi, muwasunge m'botolo lotseka bwino.