MemoryMarshal.Cast: ndi yachangu, koma simakuganizirani

Amene mumalemba C# n'kumatsegula mafayilo a manambala okhaokha, MemoryMarshal.Cast, chimene chimakuonetsani mabayiti ngati manambala popanda kuwakopera, ndi chida choti muchiyese. Ine ndimachigwiritsa ntchito powerenga mafayilo a .hgt, aja a NASA amene anachokera ku ulendo wa mumlengalenga wa SRTM, woyeza nthaka ndi radar, wa mu February 2000, osonyeza kutalika kwa nthaka. Phiri la Mulanje lili mu fayilo ya S16E035.hgt. Mtundu wa 1201 × 1201 uli ndi manambala 1,442,401, iliyonse ya mabayiti awiri, mabayiti onse 2,884,802.

Kale tinkazungulira ndi BitConverter.ToInt16 nambala imodziimodzi, kapena kukopera zonse mu array ina ndi Buffer.BlockCopy. Span, njira yoonera chigawo cha memory popanda kuchikopera, itabwera ndi .NET Core 2.1 mu 2018, ntchito inapepuka. Mzere umodzi, MemoryMarshal.Cast<byte, short>(mabayiti), ndipo mabayiti omwe aja mukuwaona ngati manambala. Palibe chokopera, memory siikula, garbage collector (woyeretsa memory yosagwiranso ntchito) sapatsidwa ntchito ina. Pamenepa ndilibe dandaulo.

Chosowa n'chakuti sichifunsa kuti mabayiti anasanjidwa bwanji. Mafayilo a .hgt ndi big-endian (bayiti yaikulu ya nambala imayamba), pomwe kompyuta zathu za Intel, AMD ndi ARM zambiri ndi little-endian (yaing'ono ndiyo imayamba). Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002. Nambala 3002 ikawerengedwa chozondoka imasanduka -17909, ndipo pulogalamu siidandaula ngakhale pang'ono, imangokupatsani mapu oonetsa Mulanje ngati chidzenje. Mankhwala ake ndi BinaryPrimitives.ReverseEndianness, imene mu .NET 8 imatembenuza span yonse nthawi imodzi. Mukatero, samalani ndi -32768: si kutalika ayi, ndi chizindikiro choti pamalopo radar sinaone kanthu.

Mabayiti otsala kumapeto, osakwana nambala yathunthu, amangotayidwa mwakachetechete, choncho fayilo yodukiza panjira potsitsa pa intaneti imaoneka ngati yabwinobwino. Ine ndimayamba ndayeza kukula kwa fayilo. Komanso Span simungaisunge ngati field ya class, ndiye ngati manambalawo mukuwafunabe patsogolo, mudzaitanabe ToArray() n'kukopera kumene munkathawa kuja.

Pa mafayilo a little-endian, monga mawu a 16-bit a mu WAV, ndimachitenga mosazengereza. Pa mitu ya mafayilo yosakaniza mitundu ya manambala, BinaryPrimitives.ReadInt32BigEndian ndi anzake amawerengeka bwino kwa mnzanu wodzakonza khodiyo mawa.