Maphunziro a kitesurfing a chipewa cha wailesi ku Langebaan

Kitesurfing ndi masewera oyenda pamadzi utaima pa bolodi, ukukokedwa ndi kaiti yaikulu. Kwa amene wayamba kale kuyenda mopingasa mphepo, maphunziro awa ndi opindulitsa. Madzi a ku Shark Bay, gombe la ku Langebaan m'dziko la South Africa, ndi osaya komanso abata, ndipo mphunzitsi amakuwongolera m'khutu kudzera pa wailesi ya m'chipewa pomwe walakwitsa.

Phindu lenileni lili pa kudumpha. Umakanikiza m'mphepete mwa bolodi ndi zidendene, kukweza kaiti kuchoka pa 10 koloko kufika pa 12 (malo a kaiti m'mwamba amawerengedwa ngati pa wotchi, 12 ndi pamutu penipeni), kenako kukoka bala, ndodo yowongolera kaiti. Ambiri amamasula zidendene msanga, ndiye kaiti imangowakwakwaza pamadzi. Potsika uikokere kaitiyo kutsogolo. Ukaisiya pamutu umagwa ngati mwala.

Wolemera makilogalamu 75 atenge kaiti ya masikweya mita 9 liwiro la mphepo likafika ma knot 22 (pafupifupi makilomita 41 pa ola). Chovuta ndi chimodzi: mu Disembala anthu amathithikana, choncho pitani mu Febuluwale.