Loko wa Yale, wa handulo kapena wa kiyi wamkulu: uti akutetezadi kunja kuno?

Mwezi wa Novembala chaka chatha mchemwali wina amene timapemphera naye kuno ku Leeds, ku England, anaweruka ku shifiti cha m'ma 8 usiku n'kupeza m'nyumba muli bwalabwala, laputopu palibe, mphete yaukwati palibe, envulopu ya ndalama za chipereganyu zomwe amati atumize kumudzi Lolemba nayonso palibe. Chitseko osathyoka, windo osasweka. Iye kumalumbira kuti ndinakhoma ine, ndipo sikuti amanama, kungoti anakoka chitseko n'kumva kuti khe, basi n'kuthamangira basi. Chitseko chakecho ndi chapulasitiki choyera chija chili mbwee kuno, chomwe ukangokoka osakweza handulo ndi kutembenuza kiyi ndiye kuti wasiya nyumba pamtetete, aliyense wodutsa akhoza kungokanikiza handulo n'kulowa ngati kwawo. Nkhaniyi inandipweteka kwambiri chifukwa ndalama zija anazivutikira miyezi, nde ndati ndifananize maloko amene timakumana nawo, potengera zimene ndaona kuno komanso zaka zomwe ndinakhala ku Joni.

Ndiyambe ndi chizolowezi chathu chifukwa vuto lagona pamenepo. Kwathu pakhomo sipasowa munthu, pena agogo ali pakhonde, pena mwana wa achimwene akusesa, aneba akuchapa pa mpopi ndipo mlendo aliyense amufunsa kuti mukufuna ndani. Kukhoma kwenikweni timakudziwa usiku, mpiringidzo kuseri kwa chitseko, galu kumumasula, mlonda pageti kwa amene angakwanitse. Mutu wathu unazolowera kuti wakuba ndi wa pakati pa usiku ndi chikwanje. Kuno wakuba safuna kukumana nawe, amafuna nyumba yopanda munthu, ndipo nyumba zathu masana zimakhala zopanda munthu, bambo ku weyahausi, mayi ku keya (ntchito yosamalira okalamba ndi odwala), ana kusukulu, neba sakudziwa olo dzina lako. Akabweza mawotchi Lamulungu lomaliza la Okutobala mdima umayamba msanga, pofika Disembala 4 koloko kwada kale, nyumba imene simukuyaka getsi imadziulula yokha kuti eni ake kulibe.

Loko woyamba ndi uja aliyense amangoti Yale, olo atakhala wa kampani ina, dzinalo linachokera kwa Linus Yale wa ku America amene anakonza mtundu wa kiyi wamng'ono wamanomano uja m'zaka za m'ma 1860. Umapezeka pa zitseko zamatabwa za nyumba zakale. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu, ukakoka chitseko wadzikhoma wekha. Kwa munthu wotuluka 6 koloko m'mawa tulo tili m'maso, loko ameneyu amakukhululukira kuiwala. Koma chimene chagwira chitsekocho ndi kachitsulo kamodzi kotsetsereka, ka sipuling'i, ndipo pa maloko otchipa munthu wodziwa amakakankha ndi kapulasitiki, kapena kupisa waya pa kabowo ka makalata n'kutembenuza kachogwirira ka mkati, kapena kungomenya phewa mwamphamvu felemu n'kung'ambika. Vuto lina ndi lodzitsekera panja, watuluka kukataya zinyalala mphepo n'kumenyetsa chitseko kiyi ali patebulo, kuitana wokonza maloko usiku kuno ndi ndalama ya shifiti yathunthu. Nde anthu akaopa zimenezi amayamba kubisa kiyi pansi pa mati kapena m'mphika wa maluwa ngati kumudzi, malo oyamba amene wakuba amayang'ana.

Wachiwiri ndi wa kiyi wamkulu wautali uja, wolowa m'kati mwa thabwa la chitseko, ife timawudziwa bwino chifukwa ndi mtundu wa maloko a Union ali m'nyumba zambiri kwathu. Koma apa pali kusiyana komwe ambiri sitikudziwa. Ambiri mwa maloko a kwathu ndi a ku Joni ndi a maliva (tizitsulo ta mkati timene kiyi amakweza kuti loko atseguke) awiri kapena atatu, makiyi ake ali ndi nambala ndipo umakagula wina ku hadiweya wodulidwa kale, kutanthauza kuti munthu wokhala ndi mpukutu wa makiyi akhoza kuyesa mmodzimmodzi mpaka chitseko chitseguke. Amene amafunika kuno ndi wa maliva 5, ndipo mukatsegula chitseko n'kuyang'ana pachitsulo cha m'mbali mupeza palembedwa BS3621 ndi kachizindikiro kooneka ngati mtima kotchedwa Kitemark. Makampani ambiri a inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba amafunsa za loko ameneyu polembetsa, ndipo mukayankha kuti eya alipo koma mulibe kapena simumukhoma, tsiku lakuba akhoza kukana kulipira. Pa mphamvu, uyu amaposa Yale kutalitali, chitsulo chake sichibwerera pokhapokha kiyi atembenuke. Kuipa kwake n'koti sadzikhoma yekha, ndipo nyumba zambiri zomwe ndalowamo za anzathu zili ndi maloko onse awiri pachitseko chimodzi, Yale pamwamba wa kiyi wamkulu pansi, koma wapansiyo kiyi wake anasowa kalekale ndipo palibe anavutikapo kufunsa lanilodi. Kuipa kwina ndi moto. Mukakhoma usiku n'kuchotsa kiyi, utsi ukadzaza mumdima mumufuna kuti? Alipo mtundu wina wa BS8621 womwe panja umafuna kiyi koma mkati umangopotokola ndi zala, ndiwo woyenera m'mafulati ndi m'nyumba zogawana zipinda anthu ambiri.

Wachitatu ndi wa handulo uja unam'gwetsa m'mavuto mchemwali wathu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ambiri obwera kumene tikukhala m'nyumba za zitseko zotere. Ukakweza handulo m'mwamba, tizitsulo tangati mbedza timatuluka malo angapo kuyambira pamwamba mpaka pansi n'kukola felemu, pa maloko atatuwa uyu ndiye amagwira chitseko malo ambiri. Koma kukweza kokha sikukhoma ayi, munthu akakanikiza handulo pansi mbedza zonse zimabwerera. Kiyi ndi amene amamanga handuloyo. Zinthu zitatu, koka, kweza, tembenuza, kenako yesa handulo kuti uone ngati yauma. Zitseko zina panja sizitseguka popanda kiyi olo usanakweze, ndipo zimenezi ndi zomwe zimapusitsa anthu kwambiri, umayesa kukankha n'kuona kuti chakana nde umati ndakhoma, chonsecho chagwira ndi kachitsulo kamodzi kokha ngati Yale wotchipa.

Chofooka china cha loko wa handulo ndi kamtima kolowetsamo kiyi, silinda. Pakati pake pamene pamadutsa sikuluwu ndi popyapyala, akuba amathyola chivindikiro cha handulo n'kugwira silindayo ndi chopanira n'kuithyola pakati, ntchito ya kanthawi kochepa ndipo phokoso lake neba sangadzuke nalo. Mankhwala ake ndi otchipa kuyerekeza ndi zimene mungataye, silinda yolembedwa TS007 ya nyenyezi 3, kapena ya Sold Secure Diamond, yopangidwa kuti ikathyoka ithyoke kunsonga kokha loko n'kukhalabe wokhoma. Kusintha kwake ndi sikuluwu imodzi ya m'mbali mwa chitseko, bola muyeze utali mbali zonse ziwiri kuti isatulukire kunja kupitirira mamilimita 3. Ngati muli pa lendi yambani mwalankhula ndi lanilodi kapena ejenti ndipo muwapatse kiyi mmodzi, ambiri sakana. Ine ndinasintha sabata yomwe ndinalowa, chifukwa ndinadzifunsa kuti anthu angati anakhalamo muno ine ndisanabwere, ndipo makiyi awo onse anabweza?

Mukandifunsa kuti pa atatuwa ndingasankhe uti, chitseko chamatabwa chokhala ndi Yale ndi BS3621 onse akugwira ntchito ndimachikonda kuposa china chilichonse, chifukwa tsiku limene mwaiwala pali kena kogwira, tsiku limene mwakumbukira pali chitsulo chenicheni. Wa handulo wokhala ndi silinda yabwino ndi wamphamvu zedi koma sakhululuka, ndipo m'nyumba ya ana asukulu kapena ya anthu anayi osiyana mashifiti pamapezeka mmodzi wongokoka. Yale yekha ndi wongoletsa mphepo ndi anthu aulemu.

Ku Joni nkhani ndi ina, ndipo abale athu ali kumeneko asatengere za kuno. Kuno wakuba akamva munthu m'nyumba kawirikawiri amathawa, kumene kuja akhoza kulowa muli momo ndi mfuti, n'chifukwa chake apolisi a kumeneko amawerengera padera kuthyola nyumba ndi kubera anthu ali m'nyumba. Nde munthu umakhoma olo uli mkati masana dzuwa likuswa mtengo. Amene ali m'mayadi a mabwana ali ndi geti lachitsulo lokoka ngati la Trellidor, zitsulo m'mawindo, waya wamagetsi pampanda, alamu yoitana agalimoto amfuti ngati a Fidelity ADT. Zimagwira ntchito, koma zimadalira batire, ndipo nthawi imene Eskom inkazimitsa magetsi maola ambiri patsiku mabatire ambiri anafa, alamu ili pakhoma koma yakufa eni ake osadziwa. Ambiri a ife sitinkakhala m'mayadi otero, tinkakhala m'tizipinda ta kuseri kapena m'mikuku, chitetezo chonse ndi loko wopachika. Loko wopachika ali ndi vuto limene sindinkaliganizira mpaka mnzanga wa chipinda choyandikana atathyoleredwa, akalendewera panja akulengeza kwa aliyense kuti mwini wake wapita kuntchito. Ndipo anthu amagula loko wamkulu wodula n'kumupachika pa kachitsulo komangidwa ndi timisomali tinayi, wakuba salimbana ndi lokoyo, amangozula kachitsuloko ndi chitsulo chopindira matayala. Bola loko wapakatikati pa chitsulo chomangidwa ndi mabawuti obowoleza chitseko, manati ali mkati. Chinanso, akuba amadziwa kuti ambiri opanda mapepala alibe akaunti ku banki ndipo ndalama zimagona pansi pa matilesi, nde kutumiza msanga pa Mukuru kapena njira ina kumateteza kuposa loko aliyense.

Koma geti lokhoma lili ndi mbali ina yowawa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg inapsa, anthu 76 anafa ndipo ena mwa iwo anali a Malawi anzathu, ndipo zinamveka kuti ena anakanika kutuluka chifukwa cha mageti okhoma m'njira. Chiyambire pamenepo ndikaona zitsulo pawindo lililonse ndi geti lomwe kiyi wake amasunga munthu mmodzi mtima umandiwawa. Ngati mukhoma geti usiku, kiyi akhale pamalo amodzi odziwika kwa aliyense mpaka mwana, pafupi ndi geti koma posafikira dzanja la munthu wa panja.

Za kamera ya pachitseko ngati Ring, imene Amazon inagula mu 2018, ndinene mwachidule. Imathandiza kuona amene wagogoda uli kuntchito ndi kuyankha ngati uli mkati, koma kuti isunge mavidiyo umalipira mwezi ndi mwezi, ndipo munthu wovala chipewa ndi masiki imangomujambula akutuluka ndi TV yanu. Siigwira chitseko. Ndalama ikakhala yochepa yambani silinda, kenako kapulagi ka taimala koyatsa nyale ya pabalaza 4 koloko, kamera pambuyo. Ndipo makiyi a galimoto musamasiye pa kashelefu ka pakhomo, amawawedza ndi ndodo kudzera pa kabowo ka makalata, ndipo ngati galimoto ndi yoliza popanda kulowetsa kiyi pali zida zokopera siginolo yake ali panja, kathumba kotchinga siginolo kamagulidwa motchipa.

Chimene tingachitenge kwathu n'kubwera nacho kuno ndi neba. Neighbourhood Watch ya kuno, gulu la aneba oyang'anirana nyumba, inayamba mu 1982 m'mudzi wa Mollington ku Cheshire, ndipo ku Joni kuli ma CPF (magulu a anthu a m'dera ogwira ntchito ndi apolisi) ndi magulu a WhatsApp a mumsewu, koma olo osalowa gulu, kungopereka moni kwa agogo achizungu a nyumba yoyandikana amene amakhala pawindo tsiku lonse ndi chinthu chachikulu. Anga amandilowetsera bini ndikapita kumudzi kuti isakhale panja sabata zitatu ikuulula kuti kulibe munthu. Ndipo tikapita kumudziko, zithunzi za pa eyapoti ya Kamuzu kapena kunyanja tiziika pa Facebook titabwerako, si onse otiona pamenepo amene amatifunira zabwino.

Zikachitika, kuno imbani 999 ngati wakuba akadali pomwepo, 101 ngati mwapeza zachitika kale, musagwiregwire zinthu ndipo mutenge nambala ya mlandu chifukwa a inshuwalansi adzaifuna. Ku Joni ndi 10111. Mchemwali uja mapasipoti ake ndi a ana anapulumuka chifukwa anali mu sutikesi pansi pa zitenje, lanilodi anavomera kusintha silinda, ndipo mwana wake wamkulu analemba ndi pentopeni pakapepala n'kumata mkati mwa chitseko kuti KWEZA, TEMBENUZA, YESA. Ndalama za chipereganyu zija tinasonkherana kutchalitchi, zinafika theka.