Za Bruno, galu ndinagula pa Facebook uja, tsopano ndingathe kunena zoona zake

Dzulo mlamu wanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti "alamu tandigawireniko nambala ya mkulu anakugulitsani galu uja, ana andisowetsa mtendere kuno", ndipo uthengawo unandipeza ndikungotuluka kumene kwa adokotala a ziweto komwe ndinasiyanso ndalama ina ya mankhwala a nkhupakupa ndi a njoka za m'mimba. Nambalayo sindinawapatse. Ndinawauza kuti adikire ndilembe zonse bwinobwino, poti enanu munandifunsanso chaka chatha nditaika zithunzi za kagaluko kali m'katoni, ndiye aliyense awerenge yekha aone chochita.

Chiyambireni ine sindinawetepo galu, kwathu kumudzi agalu analipo koma anali ongoyenda okha, palibe amene ankawaphunzitsa kanthu. Bruno ndinamuona pa Facebook nthawi yozizira, mu June, atalemba kuti German Shepherd weniweni, wa masabata 8, katemera woyamba anabayidwa kale, mankhwala a njoka anamwa. Mtengo anayamba K180,000 tinagwirizana K150,000, theka ndinatumiza pa foni theka pamanja. Ndinapempha kuti ndikaone make wa galuyo, mkuluyo anati ali ku famu kutali ndipo msewu wake ndi woipa, tikumane pa filing'i siteshoni ina ku Limbe. Anabwera ndi katoni, muli tiagalu titatu, pansi pa katoniyo pali chinyontho chokhachokha, fungo la mkodzo kumveka patali. Anandionetsa zithunzi za make ndi bambo wake pa foni, agalu akuluakulu okongola, nkundipatsa kakhadi kolembedwa ndi bolopeni kuti ndi ka katemera.

Zabwino ndizinene kaye mwachangu poti zilipo. Dzina lake analidziwa msanga, ukamuitana amabwera ngakhale ali kuseri kwa nyumba. Kukhala pansi ukamuuza amakhala. Ana amasewera naye, wamng'ono uja amamukoka makutu koma sanamulumepo ngakhale kamodzi. Pa chakudya savuta, nsima ya mgaiwa ndi bonya amamaliza mbale, chakudya cha m'matumba cha ku shopu ndimangosakanizako pang'ono chifukwa mtengo wake masiku ano mukuudziwa nokha, bola ndiwo zake zisakhale ndi anyezi ndipo mafupa a nkhuku ophika sitimpatsa, amathyoka mosongoka. Pa tcheni amayenda bwino. Kutafuna masilipasi anasiya mano atamera onse. Ngakhale chimbudzi chachikulu sichinativute kwenikweni, timangomutulutsa m'mawa akangodzuka, akangomaliza kudya, komanso tisanagone, kumupititsa pamalo amodzimodzi kuseri pafupi ndi nthochi, akachita nkumuyamikira ndi kakanthu kodya, pasanathe nthawi anayamba kupitako yekha.

Mwezi woyamba usanathe anadwala. Anasiya kudya, kenako kusanza, kenako kutsegula m'mimba kwa magazi kokhala ndi fungo limene sindinalimvepo pa nyama iliyonse, kagalu kangogona pakona maso atalowa. Ndinamuimbira mkulu uja, anati ndi mphepo chabe imeneyo bwana, mpatseni mkaka wofunda. Mayi a ana ndi amene anati ayi tithamange naye kwa adokotala. Kumeneko anamuyeza nkunena kuti ndi parvo, matenda oopsa a m'mimba ogwira makamaka tiagalu tosabayidwa katemera, ndipo ataona mano ndi kulemera kwake anatiuza kuti kagaluka pamene timakagula mwina kanali ka masabata 5 okha, osati 8. Nditawaonetsa kakhadi kaja anangopukusa mutu. Anandionetsa khadi lenileni mmene limakhalira, pamamatidwa kasitika kochokera pa botolo la katemera kokhala ndi nambala yake, pamakhalanso siginecha ndi chidindo cha amene wabaya. Langa linalibe chilichonse mwa zimenezi, deti ndi dzina la katemera basi, zoti aliyense atha kulemba ali pa minibasi. Bruno anagonekedwa pa dilipi masiku angapo, ndipo bilu yake inaposa ndalama imene ndinamugulira. Atachira tinayambanso katemera kuchokera pachiyambi. Adokotala anafotokoza kuti woyamba amabaya pa masabata 6 mpaka 8, nkumabwereza pakadutsa masabata atatu kapena anayi mpaka galu afike masabata 16, wa chiwewe pa miyezi itatu, ndipo asanamalize asamayende naye mumsewu. Anatinso kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ndiye tinachapa khonde lonse ndi Jik, zofunda zake tinawotcha, ndipo anatichenjeza kuti tisabweretse kagalu kena kosabayidwa pakhomopo.

Koma chimene chandilembetsa kwenikweni ndi mkodzo abale anga. Mpaka lero nkhani imeneyi sinatheretu.

Zonse zimene ndinawerenga ndi zimene anthu oweta agalu anandiuza zimanena chimodzi, kuti galu mwachibadwa sakonda kuipitsa pamene amagona, ndiye ukamuika m'kakhola kakang'ono usiku amadzigwira mpaka umutulutse, ndipo ndi mmene amaphunzirira. Ndinakapangitsa kakhola kwa kalipentala ku Chirimba, kabwinobwino, ka matabwa ndi waya, ndikuika pakhonde lakuseri. Bruno ankakodza momwemo nkugona pamkodzo pomwepo osadandaula, osalira kuti atuluke, m'mawa umupeza mimba yonse yanyowa ubweya wamatana. Ndinkatchera alamu pakati pa usiku kuti ndimutulutse poti amati kagalu kamadzigwira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, ndituluke naye mu kuzizira kwa July kuno ku Blantyre kuli chiperoni, tiime panja ine ndi tochi iye akungonunkhiza udzu osachita kanthu, tikangobwerera m'khola mphindi zochepa wakodza. Mayi a ana anafika potopa nazo, poti zochapa zinali za tsiku ndi tsiku ndipo madzi kwathu kuno amavuta.

Nditawafotokozera adokotala anayamba ayeza kaye mkodzo kuti aone ngati alibe matenda a m'chikhodzodzo, anapeza kuti ali bwino. Kenako anandifunsa kuti kodi kagaluka munakapeza kakusungidwa bwanji? Nditatchula katoni ija anati ndi pamenepo. Mwana wa galu akamakula ndi make pamalo otakasuka amayamba yekha kuchoka pogona nkukakodza pambali ali wamng'ono kwambiri, koma amene wachotsedwa kwa make msanga nkumakhala m'katoni kapena m'kakheji kothina usana ndi usiku amazolowera kugona pa zonyansa zake, ndipo chibadwa chija chimazimiririka. Ndiye njira ya khola ija, imene imagwira kwa agalu ena onse, kwa iye inalibe pogwira. Zinandipweteka kwambiri kumva zimenezo, poti ndinakumbukira tiagalu tiwiri tija tinatsala m'katonimo.

Tinasintha zonse. Kakhola tinakasiya kotsekula, ndinamangira mpanda waung'ono kuti akhale ndi pogona pouma mbali imodzi ndi dothi mbali inayo, nsanza zonse tinachotsamo poti pa nsalu ndi pamene ankakonda kukodza, madzi timamuchotsera ikakwana 7 koloko madzulo. Pochapa tinasiya mankhwala ena a pansi amene ali ndi ammonia chifukwa fungo lake kwa galu limafanana ndi mkodzo ndipo amabwereranso pomwepo, tinayamba kutsuka ndi sopo kenako viniga wosakaniza ndi madzi. Simenti ya khonde lathu ndi yosasalala, imamwa mkodzo, ndiye ngakhale iwe usakumva kanthu iye akumva. Kumumenya kapena kumukhudzitsa mphuno pamkodzo monga ena amandilangizira sitinachite, adokotala anakaniza kuti zimangomupangitsa kukakodza mobisala. Pang'onopang'ono zinayamba kusintha, mausiku ouma anayamba kuchuluka, moti pofika October ndinkaona ngati tathana nazo.

Mvula itayamba zinabwereranso. Bruno safuna kuponda udzu wonyowa, ndiye ankakodza pakhonde kapena pa kadothi kaja pafupi ndi pogona, nkumagonanso pomwepo masana pamthunzi. Tsiku lina mwana wanga wamkulu akumusisita anati adadi Bruno ali ndi zotupa kumimba. Nditamugoneka chagada ndinapeza timatuza tolimba tambirimbiri, kalikonse kali ndi kabowo pakati, ndipo ukayang'anitsitsa pakabowopo pali kanthu koyera kakuyenda. Mphutsi. Ntchentche zake zimaikira mazira pa dothi la pamthunzi pamene pali mkodzo kapena manyi, zomwe zija zimaikiranso pa zovala zoyanikidwa zosasita. Tinapaka Vaseline pa bowo lililonse kuti zisowe mpweya, nkumafinya imodziimodzi, zina zonenepa ngati njere ya mpunga wophika, galu akulira ana akuliranso. Zina zinali pakati pa zala za kumapazi ndipo zinachita mafinya, ndiye ulendo winanso kwa adokotala, jakisoni, mankhwala, ndalama. Usiku umenewo ndinakwiya kwambiri moti ndinauza mayi a ana kuti galuyu timupereke kwa wina wa mpanda waukulu, ine ndatopa.

Chatsala pano ndi kukodza akaona mlendo, makamaka mwamuna wa mawu akulu. Munthu akangolowa pa geti nkumuweramira kuti amugwire mutu, Bruno amagwetsa makutu, kudzikhotetsa, mchira pansi, mkodzo nkumatuluka pa nsapato za mlendoyo. Zinachitika kwa alandilodi, zinachitikanso kwa abusa atabwera kudzacheza. Amenewa si mwano kapena kusamva, ndi mantha, ndipo ukamukalipira zimaonjezereka. Tsopano aliyense wobwera ndimamuuza ali pa geti kuti musamuyang'ane, musamulankhule, ingodutsani mukhale pansi, iye abwera yekha kudzakununkhizani. Zikuthandiza ndithu, koma m'nyumba pa kapeti sitimulolabe kulowa kukakhala alendo.

Maganizo omupereka aja anatha usiku wina mu February. Magetsi atazima, cha m'ma 2 koloko, anayamba kuuwa mosiyana ndi mmene amauwira amphaka, mawu okhuthala osalekeza ataima pa geti. Nditayatsa tochi pawindo ndinaona anthu awiri akudumpha mpanda kubwerera kunja, boneti ya galimoto ili yotsekula, batire atamasula kale mbali imodzi. Aneba awiri mumzere wathu anaberedwa mabatire usiku womwewo. M'mawa mwake ndinakamugulira nyama ku butchala, ndipo kunena zoona masabata amenewo mukanandifunsa ndikanati galu ameneyu ndi ndalama imene ndinaigwiritsa bwino kuposa zonse.

Za German Shepherd zija iwalani. Khutu limodzi linaima linalo linakana, msinkhu unaima pakatikati, mchira umapindikira m'mwamba. Adokotala akuti magazi a Shepherd mwina alimo pang'ono koma ambiri ndi a galu wachikuda. Zimenezi pazokha sizindivuta, agalu achikuda ndi olimba ndipo ndimamukonda mmene alili, chimene chimandiwawa ndi chakuti ndinalipira mtengo wa galu wa mtundu. Galu ngati yemweyu ndikanamupeza kwa a BSPCA kuno ku Blantyre, kapena a LSPCA kwa amene muli ku Lilongwe, komwe amasunga agalu osowa eni ake, kapena kwa munthu wapafupi amene ndikanaona make ndi maso anga.

Mkulu uja ndinamutumizira chithunzi cha bilu ya parvo ndi zimene adokotala ananena za khadi lake. Poyamba anayankha kuti mwina munamudyetsa zolakwika bwana, anzake onse ali bwinobwino. Nditamupempha kuti andipatse dzina la dokotala amene anabaya katemerayo anati amene uja anasamukira ku Mzuzu. Nditati ndiye tigawane bilu, kapena andibwezereko theka la mtengo poti galuyo si mtundu umene ananena, anati ndalama sabweza koma atha kundichotserako pa kagalu kena ka Boerboel kamene kangobadwa kumene. Nditakana anandibuloka. Mwezi watha ndinaona zithunzi zomwe zija za make ndi bambo wake wa Bruno zitaikidwanso pa peji ina ya dzina lina, nambala yake yomweyo, mtengo utakwera.

Ndikaphatikiza zonse, kugula, dilipi, katemera woyambiranso, khola limene silinagwire ntchito, kampanda, mphutsi, mankhwala a nkhupakupa a mwezi ndi mwezi, ndalama yadutsa katatu mtengo umene ndinamupatsa mkuluyo, chakudya osawerengera. Mbali yaikulu ya ndalama imeneyo ikanapewedwa akanangomusiya kagaluko kwa make masabata atatu ena nkumubaya katemera weniweni. Wa chiwewe wobwereza ndikudikira kampeni yaulere ya a Mission Rabies, amene akhala akubaya agalu kuno ku Blantyre kuyambira 2015, ndiye pamenepo ndipumako. Chatsala ndi kumufula, poti wayamba kukumba pansi pa mpanda kukakhala galu wamkazi pafupi, ndipo adokotala andiuza kale mtengo wake, ndiyenera kudikira malipiro a mwezi wamawa.