Ndemanga: Script Imaika Cursor Pamalo, Koma Siitha Kuyenda Nayo

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ina ya pakompyuta pokonza makanema a zokambirana ndi a maphunziro, ndipo ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa ntchito yodula ndi kulumikiza zithunzi ndi manja, kukonza mitundu komanso kutulutsa kanema womalizidwa, pulogalamuyi ndi yodalirika ndipo ndilibe nayo dandaulo. Nyenyezi ziwirizo ndachotsa chifukwa cha mbali imodzi imene ogula ambiri saiyang'ana asanalipire, yomwe ndi mphamvu zimene script (malamulo amene munthu amalemba kuti pulogalamu ichite ntchito yokha) imapatsidwa pa cursor, kamzere kosonyeza pamene kanema wafika pa timeline, yomwe ndi malo amene zidutswa za kanema zimandandalikidwa motsatira nthawi. Munthu amene ntchito yake ndi yobwerezabwereza, monga kuyendera malo ambirimbiri m'kanema wautali n'kumachita chinthu chomwechomwecho paliponse, ayenera kudziwiratu pamene script imafika ndi pamene imathera.

Ndiyambe ndi zimene zimayenda bwino. Script yolembedwa m'chilankhulo cha Python imatha kufunsa pamene cursor yaima, ndipo imatha kuisamutsira pa timecode (nambala yosonyeza nthawi yeniyeni m'kanema) iliyonse imene mwaipatsa. Ine ndimalandira mndandanda wa nthawi zimene wofunsa anayamba funso lililonse, wosungidwa m'fayilo ya CSV (fayilo ya mindandanda), ndipo script yanga imawerenga mzere uliwonse, kupititsa cursor pamenepo n'kusiya chizindikiro chokhala ndi mutu wa funsolo. Ntchito imene kale inkanditengera nthawi yaitali ndikuyenda ndi mausi tsopano imatha ndisanadzuke pampando, ndipo zizindikirozo zimagwera pa freemu yeniyeni (freemu ndi chimodzi mwa zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema). Komabe tisaone ngati zimenezi n'zachilendo. Mapulogalamu ena okonzera makanema amachitanso zimenezi: mu Vegas Pro, script ya m'chilankhulo cha C# imasintha malo a cursor kudzera mu Transport.CursorPosition, mu Premiere Pro muli lamulo la setPlayerPosition, ndipo mu DaVinci Resolve, kumene anthu amalemba ndi Python kapena Lua, muli SetCurrentTimecode. Kuika cursor pamalo ndi poyambira chabe pa pulogalamu iliyonse yolemekezeka.

Malire oyamba ali pa mmene pulogalamuyi imalandirira nthawi. Imafuna timecode yolembedwa ngati mawu, ya maola, mphindi, masekondi ndi mafreemu, ndipo siilandira nambala ya freemu kapena gawo la sekondi. Pa kanema wa mafreemu 25 pa sekondi palibe vuto, chifukwa masamu ake ndi osavuta. Zinthu zimavuta pa kanema wa 29.97, amene liwiro lake lenileni ndi 30000 kugawa ndi 1001. Kanema wotere akamawerengedwa ngati wa mafreemu 30, pakatha ola limodzi wotchi ya pakhoma ndi timecode zimakhala zitasiyana ndi mafreemu 108, omwe ndi pafupifupi masekondi 3.6. Njira yotchedwa drop-frame imathetsa kusiyanako podumpha manambala 00 ndi 01 pa chiyambi cha mphindi iliyonse, kupatulapo mphindi za 00, 10, 20, 30, 40 ndi 50, ndipo palibe chithunzi chimene chimatayidwa, koma manambala okha. Tanthauzo lake kwa wolemba script n'lakuti pali ma timecode ena amene kulibe. Mukaitumiza cursor ku 00:01:00;00 pa timeline ya drop-frame, pulogalamuyi imangobweza yankho lakuti zalephereka osanena chifukwa, cursor n'kukhala pomwe inali, ndipo ngati script yanu siyang'ana yankholo, chizindikiro chotsatira chimagwera pamalo olakwika mwakachetechete. Pulogalamuyi masamu amenewa imawadziwa kale, popeza imawagwiritsa ntchito poonetsa nthawi pa sikirini, choncho sindikuona chifukwa chomveka chosapatsira script lamulo losinthira nambala ya freemu kukhala timecode.

Vuto lomweli limafikanso pa mawu. Mawu a m'makanema kawirikawiri amajambulidwa pa masampulo (tizidutswa ting'onoting'ono ta mawu) 48,000 pa sekondi, kutanthauza kuti m'freemu imodzi ya kanema wa 25 muli masampulo 1,920, ndipo freemuyo imatenga mamilisekondi 40. Kwa khutu la munthu wokonza zokambirana, mpata umenewu ndi waukulu ndithu: mpweya umene munthu amakoka asanayankhule, kapena kaphokoso ka milomo, kakhoza kuyambira pakati pa freemu. Ndi manja, pulogalamuyi imalola kuyendetsa cursor pang'onopang'ono mkati mwa freemu, koma script yokha ndi imene imamanidwa mwayi umenewu. Poyerekeza, Premiere Pro imawerenga nthawi m'tizigawo totchedwa ticks, tokwana 254,016,000,000 pa sekondi, nambala imene imagawika ndendende ndi 24, 25, 30, 44,100 komanso 48,000. Sindikunena kuti aliyense atengere njira yomweyo, koma ikusonyeza kuti nkhaniyi ili ndi yankho lodziwika.

Chimene chinandikhumudwitsa kwambiri n'chakuti script ilibe ulamuliro uliwonse cursor ikayamba kuyenda. Siitha kuyambitsa kanema, siitha kumuimitsa, ndipo siitha kuchita zimene mabatani a J, K ndi L amachita pobwerera m'mbuyo, kuima ndi kupita patsogolo. Choposa pamenepa, pulogalamuyi siiuza script kuti cursor yasuntha kapena kuti yadutsa chizindikiro. Ndinkafuna chinthu chosavuta: kanema azisewera, ndipo akafika pa chizindikiro chilichonse aime kuti ndimvetsere ngati funso layambira pabwino, kenako apitirire. Njira yokhayo ndi yoti script izifunsa mobwerezabwereza kuti cursor ili pati, ndipo ngakhale itadziwa kuti yafika, ilibe lamulo loimitsira. Script yoyendetsedwa kuchokera pa menyu ya mkati siyesa n'komwe zimenezi, chifukwa nthawi yonse imene ikugwira ntchito zenera la pulogalamu limauma, osalandira batani lililonse mpaka itamaliza.

Script yoyendetsedwa kuchokera kunja kwa pulogalamu siumitsa zenera, koma ili ndi msampha wake. Lamulo losamutsa cursor limayankha kuti zatheka chithunzi chatsopanocho chisanaoneke. Nditalemba script yojambula chithunzi chimodzi pa chizindikiro chilichonse, foda inadzaza ndi zithunzi zooneka bwinobwino, koma zina mwa izo zinali za chizindikiro cham'mbuyo: dzina la fayilo likunena funso lachisanu, pamene nkhope imene ili pachithunzipo ndi ya munthu amene ankayankha funso lachinayi. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mafayilo a kanema. Mafayilo ambiri a H.264 ndi H.265 sasunga freemu iliyonse yathunthu. Amasunga yathunthu apo ndi apo, ndipo zapakatizo zimangokhala kusintha kumene kwachitika kuchokera ku zinzake. Cursor ikalumphira pakati, kompyuta imayenera kubwerera ku freemu yathunthu yapafupi n'kumanga zotsatirazo imodzi ndi imodzi mpaka kufika pamene yafunidwa. Mafayilo a ProRes ndi DNxHR, amene freemu iliyonse imaima payokha, amafika msanga. Choncho nthawi yodikira imasiyana malinga ndi fayilo, ndipo popeza pulogalamuyi ilibe njira youzira script kuti chithunzi chakonzeka, munthu amangoikamo kudikira kongoyerekeza. Kukafupika, zithunzi zimalakwika; kukatalika, phindu logwiritsa ntchito script limachepa.

Palinso zinthu zimene munthu amachita pa cursor ndi batani limodzi, koma script siziona n'komwe. Palibe lamulo lodulira kanema pamene cursor yaima, ndipo script ikafunsa kuti pansi pa cursor pali chiyani, imauzidwa za chidutswa cha pamzere wapamwamba chokha, osati za mawu kapena mizere yapansi. Izi zili ngati kutuma mwana kuti akaime pakhomo la nyumba koma osamulola kugogoda.

N'chifukwa chake ambiri amathawira ku mapulogalamu otsanzira kiyibodi ndi mausi, ndipo inenso ndinayesa njira imeneyi. Pa Windows, AutoHotkey imatha kutumiza batani lodulira script ikangomaliza kuika cursor, pamene pa macOS pulogalamu yochita zimenezi imayenera kupatsidwa kaye chilolezo cha Accessibility. Njirayi imagwira ntchito, koma ndi yosalimba, ndipo vuto si la zida zotsanzirazo ayi, popeza izo zimatumiza batani kulikonse kumene kwatseguka panthawiyo. Uthenga wina ukatulukira pa sikirini pakati pa ntchito, batani limapita ku uthengawo, ndipo ngati mbali yosankhidwa ndi ya mafayilo m'malo mwa timeline, batani lofufutira likhoza kuchotsa chinthu chimene simunkafuna. Kuloza malo ndi mausi n'koopsa kuposa pamenepa, chifukwa kungosintha kukula kwa zolemba pa sikirini kuchoka pa 100 peresenti kufika pa 150, kapena kukulitsa timeline pang'ono, malo onse amene munawerengera amasokonekera. Amene asankha njirayi adalire mabatani a kiyibodi okha, ndipo asayambe asanakopere timeline yake, chifukwa pulogalamuyi imalemba chochita chilichonse cha script pachokha m'mbiri yobwezera, moti kubweza ntchito yolakwika kumafuna kudina kambirimbiri.

Ndikumvetsa chifukwa chake opanga mapulogalamu otere amasamala. Kusewera kwa kanema kumafuna kuti freemu iliyonse ifike pa nthawi yake, ndipo script yochedwa itapatsidwa mpata wolowerera pakati, kanema akhoza kumadukiza kapena pulogalamu yonse kugwa ntchito ya munthu isanasungidwe. Mantha amenewa ndi oyenera. Koma lamulo loyambitsa ndi loimitsa kanema silifuna kuti script ikhudze freemu iliyonse, ndipo uthenga wachidule wonena kuti chithunzi chakonzeka sungalemetse kompyuta. Zinthu ziwirizi zitawonjezedwa, pamodzi ndi lamulo lodulira pa cursor, ndikhoza kubweza nyenyezi zimene ndachotsa.

Buku la malangizo a script ndi lalifupi, ndipo limatchula malamulo amene alipo osanenapo za malire awo, choncho zambiri zimene ndafotokozazi munthu amazitulukira akakumana nazo. Nditalembera ofesi yothandiza ogula, anandiyankha mwaulemu komanso mosabisa kuti kuyendetsa kanema ndi script sikutheka pakadali pano. Ndinayamikira chilungamo chawocho, ngakhale kuti mawu omwewo akanayenera kulembedwa pa tsamba loyamba la bukulo.

Amene akuganiza zogula ayese kaye pulogalamu yoyeserera pogwiritsa ntchito mafayilo ake enieni, makamaka a H.265 ochokera m'kamera kapena m'foni, osati makanema achitsanzo amene amabwera ndi pulogalamuyi. Apange timeline ya drop-frame, atumize cursor ku 00:10:00;00, imene ilipo, kenako ku 00:11:00;00, imene kulibe, n'kuona yankho limene script ilandire. Akatero ajambule zithunzi pa zizindikiro zingapo motsatizana popanda kuikamo kudikira, atsegule fodayo, n'kuyerekeza chithunzi chilichonse ndi dzina la fayilo yake.