Matikiti a sizoni yonse: nyenyezi ziwiri, imodzi ndi ya a bandi

Amene mukuganiza zogula phukusi lija la banja la matikiti a sizoni yonse a mpira wa chi America pa yunivesite yathu ino kuno ku America, gwirani kaye ndalama zanu mpaka Novembala. Ine ndinalipira mu Meyi, mipando inayi madola 960, kuphatikizapo "chopereka" chija chomwe amati n'chaufulu koma ukapanda kupereka mpando sauona. Pofika masewero omaliza apakhomo, mpando woyandikana ndi wanga umapita pa madola 8 pa intaneti.

Za kuluza sindidandaula kwenikweni. Ndinakulira ku Ndirande, ndikudziwa kuti timu imadwala. Pa masewero 12 timafunika kupambana 6 kuti tikasewereko bowl, masewero apadera a kumapeto kwa sizoni, ndipo pakati pa Okutobala aliyense anali atadziwa kale kuti kumeneko sitipondako. Quarterback, woponya mpira wamkulu wa timu, yemwe nkhope yake inali pa zikwangwani zonse za mumsewu waukulu anavulala phewa, womulowa m'malo n'kumaponyera mpira adani ngati ali nawo ngongole. Zimachitika. Timu ya yunivesite ya Florida State inapambana masewero 13 otsatizana mu 2023, chaka chotsatira n'kungopambana awiri, kuluza 10.

Chandilembetsa ndi zomwe anatichita pa geti. Anatumiza imelo yoti Loweruka la masewero omaliza apakhomo aja kukhala usiku wa mabulangete, ofika msanga alandira bulangete la timu ulere. A TV anali atasunthira masewerowo madzulo, kunja kukuzizira kolowa m'mafupa, ndiye ana anga sabata yonse nkhani inali ya bulangete basi. Tinafika mageti asanatsegule.

Mayi akunyumba ananyamula kachikwama kakang'ono, momwe munali magolovesi a ana ndi kopopera mankhwala a mphumu ka mwana wathu wamng'ono. Lamulo la zikwama zoonekera mkati ndimalidziwa, mainchesi 12 kwa 6 kwa 12, koma ndikudziwanso kuti za mankhwala amaziona n'kuzilola, ndipo kachikwama komweko kankalowa masewero onse am'mbuyo. Mnyamata wa pa geti sanafune n'kusuzumira mkati komwe. Anangoloza ndi chibwano kasitolo kali pambali pa geti, komwe amagulitsa zikwama zapulasitiki zokhala ndi chizindikiro cha timu pa madola 25. Ndinamuonetsa mankhwalawo. Iye amvekere, lamulo ndi lamulo bambo, otsatira bwerani. Kugalimoto kunali kutali, mwana wayamba kale kutsokomola, ndinagula pulasitikiyo ndikutukwana chamumtima.

Titalowa tinathamangira pa tebulo la mabulangete. Anali akadalipo mulu, okulungidwa bwino ndi kalamba kapepala. Mayi wa pa tebulopo anaunika foni yanga ndi kamakina kake, kakuwala kofiira. Anaunikanso. Kenako: "Pepani bambo, anuwa ndi a sizoni. Mabulangete ndi a omwe agula tikiti ya lero ndi nambala ya promosheni." Ndinaganiza kuti sindinamve bwino chifukwa cha chipewa. Ndiye kuti ine wolipira kale mu Meyi, yemwe ndakhala pa dzuwa mu Seputembala tikukwapulidwa ndi kasukulu komwe tinachita kukalipira kuti kabwere, bulangete silindiyenera, koma mkulu amene anali kumbuyo kwanga ndi tikiti ya madola 8 anatenga awiri n'kudzifunditsa pamaso pa ana anga. Mayiyo ankaoneka kuti naye zamuchititsa manyazi, sindimuimba mlandu. Mwana wanga wamkulu anangofunsa kuti, "Adadi, ife talakwa chiyani?"

Kuofesi ya matikiti ndinapeza mnyamata wina akutafuna chingamu, maso pa kompyuta. Anati mawu amenewo analipo pansi pa imelo, ndipo alipodi, tizilembo tofuna magalasi. Anati ndilembe imelo. Ndinalemba usiku womwewo, yankho lomwe linabwera ndi kalata yondikumbutsa kuti nthawi yolembetsanso matikiti a chaka chamawa yayamba, mtengo utakwera.

Kumene ndalama zikupita tonse tikukudziwa. Kuyambira Julayi 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina komanso nkhope zawo, ndipo mu Juni 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Anyamatawa azilipidwa ndithu, matupi omwe akuthyoka ndi awo. Koma ku yunivesite ya Tennessee anachita kunena poyera kuti tikuwonjezera 10 peresenti pa tikiti kuti tizilipira osewera, wofuna agule. Kuno akutidyera masuku pamutu kudzera m'zikwama zapulasitiki ndi tizilembo ta pansi pa imelo.

Komabe ndisaname, usiku umenewo sunathe moipa. Bambo wina wachikulire wolondolera anthu mipando, wa jekete lachikasu, anaona nkhope zathu n'kufunsa. Nditamufotokozera anapukusa mutu, anati iye wagwira pa bwaloli kuyambira ana ake ali aang'ono ndipo zoterezi zimamuwawa. Kota yoyamba itatha anatiitana ndi dzanja n'kutitsitsira kumunsi, pafupi ndi pokhala osewera, pomwe mipando inali mbee. Pamenepo ndi pomwe ndinamva koyamba kulira kwa zipewa zikagundana, ndi mpweya wa anyamata aja ukufuka ngati utsi. Pa nthawi yopuma bandi inalowa, ana asukulu mazana, zala zitauma ndi chisanu koma mizere yowongoka, akuimba ngati bwalo ladzaza. Iwowa sanaluzepo chaka chonse. Mayi akunyumba, omwe mpaka lero sakumvetsa chifukwa chake masewero a mphindi 60 amatenga maola atatu ndi theka, anaimirira kuwomba m'manja.

Zomwe bambo uja anachita mwa iye yekha ndi zomwe a zamalonda akanayenera kuganiza ali muofesi yotentha. Timu ikamaluza, mipando yabwino imakhala yopanda anthu, ndipo pa TV zimaonekera. Tsitsani anthu a sizoni akakhalepo, simutayapo kanthu. Mukatsitsa mtengo wa tikiti, ife olipira kale tipatseniko ka chakudya, ngakhale chokoleti chotentha cha ana. Mizinga yoponya masikipa ndi nyimbo zogonthetsa m'kutu pa nthawi ya malonda a TV sizibweza munthu yemwe wakhumudwa. Ndipo tauni ino yadzaza ndi ophunzira ochokera kunja ndi ife ogwira ntchito m'zipatala ndi m'mafakitale, ambiri sadziwa kuti first down n'chiyani, koma palibe ndi kapepala komwe kofotokoza. Anzanga aku Kenya omwe ndinawatengako anachoka theka lisanakwane.

Chaka chamawa ndigula masewero awiri okha, la homecoming (tsiku lomwe ophunzira akale amabwereranso kusukulu) ndi lina lomwe mtengo udzagwe, pa foni m'mawa wa tsiku lomwelo. Galimoto muziika pa tchalitchi cha kuseri kwa bwalo, madola 10 m'malo mwa 40, ndipo ndalamazo zimathandiza achinyamata awo. A ofesi ya matikiti akuti andiimbiranso Lachiwiri kuti tikambirane za "ubale wathu ndi timu". Ndidzawafunsa za mabulangete anayi.