QEMU, yoyesera pulogalamu ya ARM pa laputopu wamba

Anzanga olemba mapulogalamu kuno ku Kasungu, ngati ntchito yanu imakathera pa Raspberry Pi, kakompyuta kakang'ono ka bolodi imodzi, ikani QEMU basi. Ine ndimasamalira kapulogalamu ka C kowerenga sikelo ya soya ndi mtedza ya gulu lina la alimi cha ku Santhe, kamayenda pa Pi Zero, mtundu wina wa Raspberry Pi, komweko pomwe ine ndili pa boma ndi laputopu ya Intel. Mapurosesa awiriwa samvana, ya laputopu ndi x86, ya Pi ndi ARM, ndiye QEMU imatenga malamulo a ARM nkumawatembenuza pompopompo kuti laputopu iwamve. Anaiyamba ndi Fabrice Bellard mu 2003, ndi yaulere, bando yokha ndi imene imapita.

Pa Ubuntu mukaika qemu-user-static, fayilo ya ARM imangoyenda ngati yapakhomo chifukwa binfmt_misc, gawo la Linux lozindikira mtundu wa fayilo, imadziwa kuitumiza kwa QEMU. Koma pomwe yandigwira mtima ndi pa nkhani ya compiler, pulogalamu yotembenuza zomwe mwalemba mu C kukhala malamulo a purosesa. Gcc-arm-linux-gnueabihf ya Ubuntu imapangira ARMv7, pomwe Pi Zero yoyamba ija ndi ARMv6, ndiye pulogalamu imakompaila bwinobwino opanda dandaulo lililonse koma ikafika pa Pi imangoti Illegal instruction nkufa, alimi ali pamzere ndi matumba awo. QEMU imagwira zimenezi muli kunyumba, bola muiuze -cpu arm1176, dzina la purosesa ya Pi Zero, mukapanda kutero imadzipanga purosesa yodziwa zonse nkukunamizani kuti zili bho. Apa ndiye ndikanakonda ikanamachenjeza yokha, munthu watsopano sangadziwe.

Nkhani ina ndi ya char, mtundu wa variable ya C wosungira chilembo chimodzi. Pa x86 imatha kukhala -1, pa ARM Linux yomweyo imasanduka 255, ndiye loop yodikira EOF, chizindikiro cha -1 chosonyeza kutha kwa fayilo, siitha mpaka kalekale. Pa QEMU zimaonekera mmene zilili.

Kuchedwa kokha imachedwa zedi, kukompaila chinthu chachikulu mkati mwake batire imatha ntchito isanathe, KVM, gawo la Linux lofulumizitsa QEMU, siithandiza poti imafuna purosesa ya mtundu umodzi. Kompailani kunja kwake, QEMU muziyeserapo chabe. Komanso za mawaya, ma GPIO (timapini ta pa Pi tolumikizirapo mawaya) ndi sensa ya sikelo yeniyeniyo, apo musaidalire, pamafunikabe kukwera minibasi kupita ku Santhe ndi memory card m'thumba. Kusiyana kwake nkwakuti ukamapita umakhala ukudziwa kale kuti pulogalamu iyaka, chatsala nkuona mawaya.